Kodi Masewera a Madayisi Osapikisana Ndi Juga?

FUNSO: A Mkonzi, mlongo wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anatibweretsera masewera a pabolodi otchedwa Back to the Future: Dice Through Time. Ana amawakonda kwambiri, makamaka madzulo magetsi akazima, koma bambo awo, amene ndi mkulu wa mpingo, akuti chilichonse choponya madayisi ndi juga. Vuto lina ndi lakuti mwana wathu woyamba amalamula azing'ono ake chochita, mpaka wotsiriza amanyanyala n'kukagona. Filimu yake sitinaionepo. Kodi masewerawa tiwasunge kapena tiwabweze? Ndine mayi wa ku Mufakose, Harare.

YANKHO: Mayi, asungeni, koma nkhawa ya bambo a kunyumba musaipeputse. Aliyense amene anakulira ku Mufakose, ku Mbare kapena ku Highfield anaonapo anyamata atanjuta kuseri kwa mashopu akuponya madayisi, ndipo amadziwa mabanja amene anagona ndi njala chifukwa ndalama ya ufa inathera pomwepo. Komabe chimene chimapanga juga ndi kubetcha, pamene wina amaika ndalama kapena katundu kuti aphangire za mnzake mwa mwayi chabe. M'masewera anuwa mulibe chobetcha, ndiponso mulibe wogonjetsa mnzake, chifukwa osewera onse ali mbali imodzi ndipo mdani wawo ndi bolodi. Akapambana amapambana onse, akalephera amalepheranso onse. Apa n'pamene amasiyana ndi ludo, bawo, kapena tsoro ya anansi athu a Chishona. Apempheni bambowo mwaulemu kuti akhale pambali aonerere ulendo umodzi asanagamule. Ngati chikumbumtima chawo sichidzawalolabe kugwira dayisi, musawakakamize.

Masewerawa anatulutsidwa mu 2020 ndi kampani ya ku Germany ya Ravensburger, ndipo amaseweredwa ndi anthu 2 mpaka 4. Anachokera ku filimu ya mu 1985 ya Back to the Future, imene anaitsogolera Robert Zemeckis, pamodzi ndi zigawo zake zina za mu 1989 ndi 1990. M'filimumo mnyamata Marty McFly ndi katswiri wa sayansi Doc Brown amapita m'zaka zakale ndi zam'tsogolo pa galimoto ya DeLorean, imene imadumpha nthawi ikafika liwiro la mamailosi 88 pa ola. Pabolodi, Biff, wovutitsa anzake wa m'filimumo, waba galimotoyo n'kumwaza katundu m'zaka 1885, 1955, 1985 ndi 2015 m'tauni ya Hill Valley. Wosewera aliyense amayendetsa kagalimoto kakekake pabolodipo, ndipo ntchito ya osewera ndi kuthetsa zisokonezo, kupeza katunduyo ndi kumubwezera ku chaka ndi malo ake, kachizindikiro koyenda pa mzere wowerengera nthawi wotchedwa OUTATIME kasanafike kumapeto. Kuonera filimu si lamulo, ngakhale kuti ana akaiona amamvetsa chifukwa chake zaka zimenezi ndi zofunika. Yambani mwaionera nokha akuluakulu, popeza muli mawu ndi zochitika zina zosayenera mwana wamng'ono.

Nkhani ya mwana wanu woyamba ndi imene yandikhudza koposa, chifukwa ndi imene ingathe kupha masewerawa m'nyumba mwanu ngakhale bambo atavomera. Vutoli ndi lodziwika m'masewera onse ogwirizana: amene wamvetsa malamulo msanga amayamba kuona njira yabwino, ndipo poopa kuti gulu lilephera, amayendetsa galimoto za anzake onse, iwo n'kusanduka oponya madayisi basi. Mwanayo sachita izi mwankhanza. Pachikhalidwe chathu tinamuphunzitsa tokha kuti mkulu amatsogolera ndipo wamng'ono amamvera, choncho iye akuchita zimene akuganiza kuti ndi udindo wake, ndipo mng'ono wake sangamutsutse pamaso panu.

Koma masewerawa anakonzedwa kuti nzeru ya munthu mmodzi isakwane. Wosewera aliyense amaponya madayisi ake 4, ndipo zizindikiro zimene zatuluka ndi zimene zimamulola kusuntha, kudumphira chaka china, kuchotsa Biff pamalo, kapena kuthetsa chisokonezo. Taganizani za madayisi wamba a mbali 6: mukaponya 4 mukufuna mbali imodzi yokha, mwayi woti ituluke ndi pafupifupi 52 pa 100. Ndiye kuti kawirikawiri munthu sapeza chimene akufuna, ndipo amadalira mnzake. N'chifukwa chake pali lamulo limene ine ndimaliona kuti ndi lokoma kuposa onse, lolola wosewera kusiya dayisi lake pamalo ena m'chaka chakale kuti mnzake adzaligwiritse ntchito pamalo omwewo m'chaka cham'tsogolo. Zikufanana ndi agogo odzala mtengo wa mango kuti adzadye ndi adzukulu. Palinso chilango ngati galimoto ziwiri zakumana pamalo amodzi m'chaka chimodzi, motero aliyense ayenera kunena kumene akulowera. Mwana amene sakupatsidwa mpata wolankhula sangachite zonsezi, ndipo gulu limataya zimene iye yekha waziona.

Chitani chonchi. Musanayale bolodi, gwirizanani kuti mwini madayisi ndiye ayambe kufotokoza maganizo ake, ena athirepo ndemanga pambuyo, ndipo chigamulo chomaliza chikhale chake ngakhale ena akuona kuti walakwitsa. Mkuluyo mupatseni ntchito yomuyenera, monga kuwerenga makadi a zochitika mokweza, kumasulira Chingerezi chake m'Chichewa kapena m'Chishona, ndi kusuntha kachizindikiro ka nthawi. Mumuuze paokha, osati pamaso pa azing'ono ake, kuti m'malo molamula azifunsa kuti, "Iwe ukuona kuti tichite chiyani?" Mukatero mudzalephera maulendo angapo amene mukanapambana, ndipo zimenezi muzilandire, chifukwa wamng'onoyo adzaphunzira kuwerengera zotsatira za chisankho chake pokhapokha chisankhocho chikakhala chakedi. Malamulo amalolanso kuchepetsa katundu wofunika kubweza, choncho yambani ndi mlingo wosavuta.

Ngati wotsirizayo sanakwanitse zaka 10, zimene ndi msinkhu umene opanga masewerawa anaulemba, mukhazikeni pambali panu muziyendetsa galimoto imodzi awiri, iye aziponya ndi kusankha, inu muzingomuwerengera makadi. Madayisi, makadi ndi tizidutswa tonse muziwerenga pobwezera m'bokosi, popeza madayisiwa ali ndi zithunzi zawozawo ndipo limodzi likatayika simungalowetse la ludo m'malo mwake.