Tafunsani za Ndalama: Kodi K20,000 yowonjezera ingafupikitsedi ngongole ya nyumba?

Makalata a mwezi uno achokera kwa owerenga a ku Dedza ndi ku Ntcheu amene akubweza ngongole za nyumba ku banki. Ziwerengero zimene tagwiritsa ntchito m'mayankho ndi za chitsanzo chimodzi: ngongole ya K20,000,000, chiwongoladzanja cha 28 pa 100 pachaka, yobwezedwa kwa zaka 15. Aliyense aike ziwerengero zake m'malo mwa izi.

Ndine mphunzitsi wa sekondale pa Dedza boma. Ndakhala ndikudulidwa ndalama ya nyumba mwezi ndi mwezi kwa chaka chathunthu, koma nditatenga sitetimenti ndapeza kuti ngongole yangotsika pang'ono kwambiri. Kodi akundibera?

Aphunzitsi, mwina palibe amene wakuberani, ngakhale kudabwa kwanu n'komveka. Banki imawerengera chiwongoladzanja pa ndalama imene yatsala, ndipo pa ndalama iliyonse imene mwapereka imayamba yatenga chiwongoladzanjacho. Chotsalacho ndicho chimapita ku thunthu la ngongole, kutanthauza ndalama yeniyeni imene munabwereka.

Taonani chitsanzo chathu. Munthu wa K20,000,000 uja amadulidwa pafupifupi K474,100 pa mwezi. Mwezi woyamba, chiwongoladzanja chokha ndi K466,667. Ku thunthu kumangopita ndalama yosakwana K7,500. Chaka chikamatha amakhala atapereka pafupifupi K5,690,000, koma ngongole yatsika ndi K102,000 yokha. Akapitiriza chomwecho mpaka zaka 15, adzakhala atapereka ndalama yoposa K85,000,000 pa nyumba imene anabwerekera K20,000,000.

Izi n'zowawa, koma pomwepo ndi pamene pali mwayi wanu. Popeza ku thunthu kukupita K7,500 yokha, kuwonjezera K20,000 pa mwezi kukutanthauza kuti thunthulo likugwetsedwa mofulumira kuposa katatu. Pa chitsanzo chathu, K20,000 yowonjezera kuyambira mwezi woyamba imathetsa ngongole m'zaka 10 ndi theka m'malo mwa 15, ndipo mumapulumutsa ndalama yoposa K23,000,000. Ngakhale K10,000 yokha imachotsa zaka zitatu. K50,000 imathetsa ngongole m'zaka 8.

Komabe sitetimenti muiwerenge mzere ndi mzere. Fufuzani zinthu zitatu: chiwongoladzanja chimene akukuwerengerani chikugwirizana ndi cha m'kalata ya mgwirizano, palibe chindapusa cha kuchedwa chifukwa malipiro analowa tsiku lodulira litadutsa, ndiponso ndalama ya inshuwalansi ikuoneka payokha. Chindapusa cha kuchedwa chimavutitsa kwambiri anthu ogwira ntchito m'boma malipiro akachedwa. Pemphani kuti tsiku lodulira alisunthire masiku angapo pambuyo pa tsiku limene malipiro amalowa.

Ndinasungitsa K300,000 mu akaunti imene amandidulira ngongole, ndikuganiza kuti ichepetsa ngongoleyo. Patha miyezi itatu, ndalama ili pomwepo. Ndinalakwitsa pati? Mayi wa ku Ntcheu boma

Mayi, vuto limeneli ndi limene limagwetsa anthu ambiri. Akaunti ya malipiro ndi akaunti ya ngongole ndi zinthu ziwiri zosiyana. Makina a banki amangotenga ndalama imene inalembedwa pa tsiku lake, yotsalayo saikhudza. Ikanapita ku thunthu, miyezi itatu imeneyo K300,000 yanu ikanakupulumutsani K7,000 mwezi uliwonse pa chiwongoladzanja cha 28 pa 100.

Pali njira inanso imene ndalama yowonjezera imasochera. Ikalowa mu akaunti ya ngongole popanda malangizo, mabanki ena amaitenga ngati kuti mwalipiriratu mwezi wamawa. Mwezi wamawawo sakudulani, inu mumasangalala, koma thunthu silinasunthe. Ngati muli ndi mwezi umene munaphonya, ndalamayo imayamba yatseka zimenezo ndi chindapusa chake.

Chitani chonchi. Choyamba tengani kalata ya mgwirizano imene munasainira, muwerenge ndime yonena za kubweza msanga. Ngongole zina zili ndi chindapusa kwa munthu wobweza nthawi isanakwane, zina zimafuna kuti mudziwitse banki pasadakhale, zina zilibe chilichonse. Ngati kalatayo inasowa, ofesala wa ngongole akupatseni ina. Kenako lembani kalata yaifupi yotchula nambala ya akaunti ya ngongole, kuchuluka kwa ndalama, ndi mawu akuti ndalamayi ipite ku thunthu la ngongole, ndalama yodulidwa pa mwezi isasinthe, koma zaka zobwezera zichepe. Kalatayo ikhale pawiri, imodzi adindepo chidindo mubwerere nayo. Pakatha sabata, pemphani sitetimenti ndi ndandanda yatsopano ya kabwezedwe, muone ngati thunthu latsika ndi ndalama yonse imene munapereka.

Mawu akuti zaka zichepe musawaiwale, chifukwa ndi amene ali ndi phindu lonse. Pa chitsanzo chathu, munthu akaponya K500,000 chaka choyamba chikatha, n'kusankha kuti azidulidwa zochepa, ndalama ya pa mwezi imatsika ndi K11,900 yokha, ndipo pamapeto amapulumutsa pafupifupi K1,500,000. Akasankha kuti zaka zichepe, K500,000 yomweyo imachotsa miyezi 34 ndipo amapulumutsa ndalama yoposa K15,000,000. Kutsitsa ndalama ya pa mwezi kuli ndi malo ake, makamaka kwa munthu amene malipiro sakumukwanira ndipo ali pafupi kuphonya, koma si njira yomalizira ngongole msanga.

Ngati mukufuna kumawonjezera mwezi ndi mwezi, khazikitsani standing order (lamulo loti banki izitumiza yokha ndalama mwezi uliwonse) yopita ku akaunti ya ngongole tsiku lotsatira malipiro. Funsani mtengo wake kaye. Ngati amadula ndalama nthawi iliyonse imene yayenda, ndi bwino kusonkhanitsa ndalamazo n'kumapereka kamodzi pa miyezi itatu.

Ndimagwira ntchito, komanso ndimalima kachewere ku Bembeke. Ndalama yambiri ndimaipeza ndikakolola. Ndidikire kuti ichuluke ndidzalipire kamodzi, kapena ndiziponya ikapezeka?

Bambo, ponyani ikapezeka, bola mwapatula kaye ya mbewu, feteleza, mankhwala opopera ndi aganyu a ulimi wotsatira. Nthawi ndi imene imapatsa mphamvu ndalama yowonjezera. K500,000 ija tanena kuti imachotsa miyezi 34 ikaperekedwa chaka choyamba chikatha. Ikaperekedwa chaka cha 10 chikatha imangochotsa miyezi 4. Ndalama ndi yomweyo, koma yoyambayo yaletsa chiwongoladzanja cha zaka 14 pamene inayo yaletsa cha zaka 5.

Chenjezo lathu lalikulu kwa mlimi ndi ili: ndalama ikalowa ku ngongole ya nyumba siibwereranso m'thumba. Mukaponya zonse mu Meyi, kenako mvula ikayandikira n'kupezeka mulibe ya feteleza, mudzapita kukabwereka kwina pa chiwongoladzanja chokwera kuposa cha banki, ndipo phindu lonse lidzathera komweko. Kachewere naye sadalirika chaka chilichonse. Chiwawu chikagwa nyengo ya chinyezi, kapena mitengo ikagwa pa Lizulu ndi pa Tsangano chifukwa aliyense wakolola nthawi imodzi, ndalama imene mumayembekeza siikwana. Choncho musalonjeze banki kuti mukweza ndalama yodulidwa pa mwezi podalira munda. Siyani yodulidwayo momwe ilili, zam'munda zizipita ngati zowonjezera.

Ndili ndi ngongole ya nyumba, ina ya ku banki m'khonde, komanso ndinatenga katapila wa K150,000 mwana atadwala. Ndiyambe iti? Wowerenga wa ku Kampepuza

Yambani katapila, lero lomwe ngati n'kotheka, kenako ya ku banki m'khonde. Ya nyumba muzingolipira yodulidwa pa mwezi osaphonya, zowonjezera zidikire.

Anthu amasokonezeka chifukwa manambala amamveka ofanana. Banki ikati 28 pa 100, ikunena pachaka, kumene ndi pafupifupi 2.3 pa 100 pa mwezi. Gulu la banki m'khonde likati 20 pa 100, nthawi zambiri likunena pa mwezi. Pa K100,000, banki ikutenga K2,333 pa mwezi, gulu likutenga K20,000. Katapila ndiye amaposa pamenepo. Kubwereka ku gulu kuti mukaponye ku ngongole ya nyumba ndi kudzivulaza, ngakhale mukanene kuti phindu la gululo mudzagawana mu Disembala.

Ngongole zimenezo zikatha, musathamangire ku banki. Matenda a mwana aja ndi amene anakutumizani kwa wakatapila chifukwa panalibe ndalama yapadera. Sungani kaye ndalama yokwanira kulipira ngongole ya nyumba kwa miyezi iwiri kapena itatu, muiike poti mutha kuitenga msanga, kaya ku akaunti yosungira kapena ku SACCO. Miyezi yophonya imabweretsa chindapusa, imalembedwa ku mabungwe osunga mbiri ya obwereka, ndipo ikachuluka banki ili ndi mphamvu yogulitsa nyumba popeza ndiyo chikole.

Zinthu zikukwera mtengo tsiku ndi tsiku. Mnzanga akuti kubweza msanga n'kupusa chifukwa kwacha ikugwa, ngongoleyo idzachepa yokha. Akunena zoona?

Mnzanuyo ali ndi mfundo, koma ndi theka la nkhani. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022 ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. K474,100 ya zaka 10 zikubwerazi siidzagula zimene ikugula lero, choncho mamiliyoni amene tikuti mupulumutsa sadzalemera monga akumvekera panopa. Ngati malipiro anu akukwera mofanana ndi mitengo ya zinthu, ngongole imapepukadi.

Theka linalo ndi lakuti ngongole zambiri za nyumba m'dziko muno zilibe chiwongoladzanja chokhazikika. Chimatsatira chiwongoladzanja choyambira (reference rate) chimene mabanki amalengeza mwezi ndi mwezi, banki n'kuwonjezerapo kake. Mitengo ya zinthu ikakwera, Reserve Bank of Malawi imakweza chiwongoladzanja chake: chinali 12 pa 100 mu 2021, pofika Febuluwale 2024 chinali 26 pa 100. Amene anatenga ngongole isanafike nthawi imeneyo anaona ndalama yodulidwa ikukwera pamene malipiro a ambiri anatsalira m'mbuyo.

Taonani mmene malire ake alili opyapyala. Pa chitsanzo chathu, chiwongoladzanja chikangochoka pa 28 kufika pa 29 ngongole ikadali yatsopano, cha mwezi umodzi chimakhala K483,333, kuposa K474,100 imene mukudulidwa. Banki iyenera kukweza yodulidwayo, apo ayi ngongole iyamba kukula m'malo mochepa. Thunthu likatsika msanga, kukwera kotereku sikuluma kwambiri. Ife tikuona kuti munthu wa pa malipiro, amene alibe bizinesi yobweretsa phindu loposa chiwongoladzanja cha banki, achita bwino kuwonjezera. Amene ali ndi bizinesi yotsimikizika, yoti K200,000 imabala kuposa K56,000 pachaka atachotsa zonse, akhoza kuika ndalamayo ku bizinesi. Koma awerengere moona, kuphatikizapo katundu wowonongeka ndi ngongole za makasitomala zosabwezedwa.

Chiwongoladzanja chikadzatsika, banki idzakutsitsirani yodulidwa pa mwezi. Pemphani kuti ikhale pomwe inali. Kumeneko ndi kuwonjezera kosapweteka, chifukwa munazolowera kale kukhala opanda ndalamayo.

Malipiro amatha mwezi usanathe. K20,000 yowonjezerayo ndiitenga kuti?

Lembani chilichonse chimene mwagula kwa masiku 30, mpaka mayunitsi a foni ndi kabaza. Anthu ambiri amapeza kuti ndalama ikuthera pa tinthu tobwerezabwereza. Ngati mumalipira K1,000 pa kabaza popita ku ntchito, kuyenda pansi ulendo umodzi pa tsiku kwa masiku 20 ndi K20,000 yathu ija. Bandulo ya mwezi imatsika mtengo kuposa ya tsiku ndi tsiku. Kutapa ndalama pang'onopang'ono pa Airtel Money kapena Mpamba kumadyetsa ndalama zambiri kuposa kutapa kamodzi.

Kuno kumapiri ndalama yaikulu ili pa chakudya ndi moto. Chimanga chogula nthawi yokolola, n'kuchisunga m'matumba osalowa mpweya kapena chothira mankhwala, chimatsika mtengo kuposa cha mu Januwale ndi Febuluwale. Nyemba n'chimodzimodzi. Makala amathanso msanga mu Juni ndi Julayi chifukwa cha kuzizira kwa Dedza, choncho mbaula yosunga moto imabweza mtengo wake. Ngati kuseri kwa nyumba kuli chipinda chongokhala, lendi yake yonse ipite ku ngongole, musaisakanize ndi ya ndiwo. Malipiro akakwezedwa, theka la zimene awonjezerazo lipite ku standing order mwezi womwewo, banja lisanazizolowere.

Zimene sitikufuna kuti muchepetse ndi chakudya cha ana, fizi, mankhwala ndi inshuwalansi. Inshuwalansi ya moyo imene imayenda ndi ngongole ndi imene imalipira yotsala mwini ngongole akamwalira, kuti mkazi kapena mwamuna wake ndi ana asatulutsidwe m'nyumba. Onetsetsani kuti ikulipiridwa, ndipo a m'banja adziwe kuti ilipo ndi kumene mapepala ake ali.

Ndatsala ndi miyezi yochepa kuti ndimalize. Ndikalipira komaliza, zatha? Bambo wa ku Linthipe

Ayi Bambo, patsala ntchito ya mapepala. Musalipire potengera sitetimenti yakale, chifukwa chiwongoladzanja chimawerengedwa mpaka tsiku lolipira. Pemphani kalata yonena ndalama yotsekera ngongole pa tsiku limene mwasankha, mulipire tsiku lomwelo. K3,000 yotsalira mosadziwa imapitiriza kubala ndipo akaunti siitsekedwa.

Mukalipira, tengani kalata yotsimikiza kuti ngongole yatha. Banki ikubwezereni mapepala a malo, ndiponso isaine chikalata chochotsa chikole, chimene chiyenera kukalembetsedwa ku ofesi ya za malo ku Lilongwe. Pali kandalama kolipira pamenepo, makamaka ngati adutsira kwa loya, choncho funsani mtengo wake pasadakhale. Popanda kulembetsa kumeneku, m'kaundula nyumbayo imaonekabe kuti ndi chikole, ndipo vutoli limadzatulukira pogulitsa kapena pogawa chuma cha masiye. Imitsani standing order komanso kudulidwa kwa ku malipiro polemba kalata ku banki ndi kwa abwana anu, kenako muone malipiro a mwezi wotsatira ngati sanadulidwenso. Inshuwalansi ya moto imene inkayenda ndi ngongole imatha kuthera pomwepo, ndiye mufunse tsiku limene ikutha kuti muyambe kulipira nokha.