Kodi mlingo wa mankhwala a cheza pojambula m'thupi amauika bwanji?

FUNSO: Mayi anga, amene akudwala khansa ya m'mawere, anatumizidwa ku Lusaka kuti akawajambule mafupa. Anawabaya jakisoni wa mankhwala otulutsa cheza, ndipo patapita maola atatu anawagoneka pansi pa makina. Ndamva kuti mankhwalawa saperekedwa mofanana m'zipatala zonse. Kodi pali amene amaonetsetsa kuti wodwala asapatsidwe ochuluka? Ndine wowerenga wanu wa ku Katete.

YANKHO: Nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo mwachita bwino kuwafunsira mayi. Kujambula kumeneku n'kosiyana ndi ekisilei, chifukwa cheza sichichokera m'makina koma m'thupi la wodwalayo. Nthawi zambiri jakisoniyo amakhala ndi technetium-99m, yomwe imakaunjikana pamene fupa likusintha msanga, ndipo kamera imangotolera cheza chotuluka pamenepo. Mphamvu ya technetium-yo imatsika ndi theka pa maola 6 alionse, moti likamatha tsiku imakhala itatsala yochepa kwambiri. Amayeza mankhwalawa m'mamegabecquerel, mwachidule MBq, ndipo munthu wamkulu wojambulidwa mafupa kawirikawiri amalandira pakati pa 500 ndi 800. Cheza chimene thupi limalandira pamenepo chimangopitirira pang'ono chija chimene tonsefe timalandira m'chaka chimodzi kuchokera m'nthaka, m'mpweya ndi kuthambo.

Tsono za mlingo. Bungwe la akatswiri a dziko lonse loona za chitetezo ku cheza, la ICRP, linabweretsa mfundo ya mlingo wofanizira mu 1996, ndipo linaifotokozanso mwatsatanetsatane mu 2017. Chipatala chilichonse chimalemba kuchuluka kwa mankhwala amene chinapatsa odwala a thupi lapakati pa mtundu umodzi wa kujambula, n'kutengapo nambala yapakati. Nambala za zipatala zonse zikandandalikidwa kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu, mlingo umaikidwa pamalo poti zipatala zitatu mwa zinayi zilizonse zikhale pansi pake. Chipatala chimene chapezeka pamwamba sichilangidwa, koma chimayenera kudzifufuza: kodi kamera yatha mphamvu, kodi chipangizo choyezera mankhwala chikuloza molondola, kapena antchito anangozolowera kuthira ochuluka kuti ntchito ithe msanga?

Apa m'pamene ambiri amasokonezeka, ndipo ndikufuna mumvetse bwino. Mlingowu si malire a wodwala mmodzi. Dokotala angathe kuupitirira pa munthu wathupi lalikulu popanda kulakwa, ndipo kwa ana mankhwala amachepetsedwa potengera kulemera kwa mwanayo. Kuchepetsa mopitirira muyezo nakonso n'koipa. Zili ngati feteleza m'munda wa chimanga: wochuluka amawononga, koma wochepa kwambiri amataya ndalama ndi nyengo yomwe. Chithunzi chikatuluka chosaoneka bwino, dokotala angaphonye pamene khansa yafalikira, kapena wodwala amabayidwanso kachiwiri, ndipo kwa munthu wa kuno kummawa zimenezo zikutanthauza ulendo winanso wautali pa msewu wa Great East, ali wodwaladwala.

M'Zambia muno ntchito yoyang'anira kagwiritsidwe ntchito ka cheza ili m'manja mwa Radiation Protection Authority, yokhazikitsidwa pansi pa lamulo la 2005, ndipo bungwe la IAEA la ku Vienna, loona za mphamvu ya nyukiliya pa dziko lonse, limalimbikitsa mayiko kukhala ndi milingo yawoyawo. Ine ndikuona kuti zimenezi n'zofunika kwambiri, chifukwa mlingo wongobwereka ku Ulaya unachokera ku makina ena ndi odwala ena. Kumene zipatala zojambula motere zili zochepa, akatswiri amaloledwa kuyamba ndi nambala yapakati ya chipatala chimodzi, n'kumaifanizira ndi za mayiko ena, bola zolembedwazo zizisungidwa mokhulupirika ndi kuunikidwanso pakapita zaka zingapo.

Mayi akadzapitanso, muli ndi ufulu wopempha kuti akuuzeni ma MBq amene apatsidwa, ndiponso kuti nambalayo ilembedwe pa zotsatira zawo. Atsimikize kuti awayeza pa sikelo asanabayidwe. Akatha kubayidwa amwe madzi ambiri ndi kukodza pafupipafupi, popeza mankhwala otsala amatuluka ndi mkodzo, ndipo tsiku limenelo apewe kufukata adzukulu akhanda kwa nthawi yaitali. Mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa aziuza adokotala jakisoni asanaperekedwe.