Kodi Thomas More ankafunadi dziko lopanda ndalama?

Achimwene, mwafunsa ngati Thomas More, Mngelezi amene analemba buku la Utopia, ankakhulupiriradi za dziko lopanda ndalama, lopanda "ichi n'changa", kapena ankangocheza. Vuto ndi loti ambiri amathamangira pachilumba chongopeka cha Utopia n'kulumpha gawo loyamba la bukulo, pomwe pagona nkhani yeniyeni.

Bukuli linasindikizidwa m'Chilatini ku Louvain, mzinda umene lero uli ku Belgium, mu 1516, mnzake Erasmus, katswiri wamaphunziro wa ku Netherlands, atathandizapo. Gawo loyambalo ndi macheza a ku Antwerp, komwe mlendo wongopeka, Raphael Hythloday, akudzudzula England. Akuti kumeneko nkhosa zayamba kudya anthu. Eni malo ankatchinga minda ndi kupirikitsa alimi kuti aweteremo nkhosa, poti ubweya unali ndi msika wabwino. Opirikitsidwawo akaba chifukwa cha njala, boma linkawanyonga. Hythloday akufunsa kuti chilungamo chake n'chotani, kupanga akuba wekha kenaka n'kumawapha.

Chilumbacho More anachipeka kuti ayalutse zimenezi. Kuli mizinda 54 yofanana, anthu amagwira ntchito maola 6 patsiku, nyumba amasinthana pochita maere pakatha zaka 10, ndipo golide amapangira zokodzeramo usiku ndi maunyolo a akapolo. Inde, akapolo aliko. Ndiponso munthu sangapite kumzinda wina popanda chilolezo. Amene amati ndi paradaiso sanaliwerenge mpaka kumapeto, chifukwa kumeneko More mwiniwake akuti miyambo ina ya pachilumbapo ndi yopanda nzeru, ndipo yabwinoyo amangoilakalaka, sayembekeza kuiona kwawo.

Komanso musaganize kuti anthu ophunzira onse akale ankalota zilumba. Leonardo Bruni, wolemba wa ku Italy amene analemba zaka pafupifupi 100 buku la More lisanatuluke, ankatamanda mzinda weniweni wa Florence, ufulu wake ndi malamulo ake, ndipo sankadana ndi chuma.

Ine ndimaona kuti chimene chinkamusowetsa tulo More ndi ichi: kodi munthu wophunzira alowe ntchito kwa mfumu? Hythloday akukana, akuti mafumu samva uphungu, amangofuna nkhondo ndi ndalama. More, amene anadziikanso m'machezawo, akuyankha kuti chimene walephera kuchikonza, uyesetse kuti chisaipe kwambiri. Iye analowadi ntchito kwa Henry VIII, mfumu ya England, nafika pa udindo wa Lord Chancellor, nduna yaikulu yoona za malamulo, mu 1529, ndipo ali paudindopo anazunza otsutsa mpingo wa Katolika, ngakhale ku Utopia anthu salimbana chifukwa cha chipembedzo. Mu 1535 mfumu yomweyo inamudulitsa mutu atakana kuvomereza kuti ndiyo mtsogoleri wa mpingo ku England.