Funsani Malume: Mpweya ukandithera ndili pansi pa nyanja nditani?

FUNSO: Malume, ndine mtsikana wa zaka 26, ndimakhala ku Chilomoni. Ku ofesi tapangana kuti holide ya Mother's Day tikathere ku Cape Maclear, nde anzanga akuti tikapangenso diving ija yolowa pansi pa madzi utabereka silinda, ku chilumba cha Thumbi. Kusambira ndimatha pang'ono, kwa kumtsinje kumudzi kuja. Koma mtima suli mmalo, oxygen akatha ndili pansipo nditani? Nanga ng'ona?

YANKHO: Mphwanga, tiyambe ndi silindayo. Mulibe oxygen yekhayekha ngati wakuchipatala ayi, ndi mpweya womwewu tikupumawu angoupopa mothinitsa mpaka 200 bar (bar ndi muyezo wa kuthinana kwa mpweya), ndipo pali geji yomwe imakhala pambali pako yokuonetsa watsala wochuluka bwanji. Lamulo lake nkuti ikamayandikira 50 uzikhala ukutuluka. Komanso sulowa wekha, instructor amakhala pompo ndipo ali ndi paipi yachiwiri yopumira yomwe angakupatse zitavuta. Nde za mpweya kukuthera mwadzidzidzi ngati magetsi zichotse mmutu, bola uziyang'ana geji.

Chimene ine ndimachiopa kwa munthu woyamba ndi china, ndi mantha omwewo uli nawowa. Madzi amapanikiza thupi, ukatsika mamita 10 kupanikizako kumakhala kawiri poyerekeza ndi kumtunda, mpweya umene wapuma pansipo ndi wothinana, nde ukadzidzimuka nkugwira mpweya mchifuwa nkuthamangira pamwamba umafufuma ngati baluni ndipo mapapo atha kuvulala ngakhale pamalo posaya kwenikweni. Ife tinakulira kumtsinje tinazolowera kuti ukamira umagwira mpweya, apa ndi zosiyana, umapuma osalekeza, pang'onopang'ono, ndipo pokwera umakwera ngati nkhalamba pa chitunda. Ambiri amaima kaye mphindi 3 pa mamita 5 asanatulukire. Makutu nawonso amapweteka potsika, umatsina mphuno nkuuzira pang'ono mpaka amveke kuti phu, akakana osakakamiza, kwera pang'ono uyesenso. Ngati tsikulo uli ndi chimfine ingokhala mboti uzijambula anzako. Ndipo ngati uli ndi asima, vuto la mtima, khunyu kapena uli woyembekezera, unene pa fomu amakupatsa ija, usaname chifukwa cha manyazi ndi a ku ofesi. Mowa wa dzulo lake nawonso ayi, ndikukudziwani anthu a ma trip a ku ofesi.

Poti ndi koyamba akupangitsa kakosi ka tsiku limodzi, amayamba nawe pamadzi ofika mchifuwa ndipo sadutsitsa mamita 12. Ukadzaikonda pali kosi ya Open Water ya bungwe lophunzitsa diving la PADI, ya masiku angapo yokhala ndi satifiketi yofikira mamita 18, koma imeneyo amafuna usambire mamita 200 osaima ndiye kusambira kwa pang'ono kuja kuonjezere kaye.

Za ng'ona sindikunamiza kuti mnyanja mulibe, zilimo, koma zimakonda kumatsiriro a mitsinje ndi mmabango, pomwe diving imachitikira pa miyala ya zilumba madzi oyera mbee. Anthu a mmudzi wa Chembe ku Cape Maclear komweko amadziwa malo a ng'onazo, uwamvere akati apa ayi. Chomwe ukakumane nacho chambiri ndi mbuna, tinsomba ta buluu, tachikasu, tamizeremizere, timakuzungulira ngati wabwera ndi nsima. Uyang'anitsitse bwino utha kuona yaikazi italavula ana ake nkuwamezanso mkamwa iwe ukayandikira, sikuti ikuwadya, ndimo mmene imawasungira. Ine nditaona koyamba ndinaseka mpaka madzi analowa mmasiki. Nsomba zimenezi ndi zomwe zinapangitsa kuti malowa akhale Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo mu 1984 UNESCO inawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Thumbi, Domwe ndi Mumbo zonse zili mkati mwa paki, choncho palibe kuwedza kapena kutola kanthu pafupi ndi zilumbazo, ndipo pali ndalama yolowera. October mwasankha bwino, mwera umakhala utatha.

FUNSO: Malume, ndimagwira ntchito ku Johannesburg, ndikubwera kumudzi ku Monkey Bay sabata imodzi yokha. Ndikufuna diving Loweruka mmawa, ndege yanga ndi ya Lamlungu pa Chileka. Zitheka? Komanso akazi anga akuti ndikatenga likodzo.

YANKHO: Achimwene, werengani maola. Mukalowa kamodzi kokha dikirani maola osachepera 12 musanakwere ndege, mukalowa kangapo akhale 18, ambiri timangoti tsiku lathunthu kuti mtima ukhale pansi. Chifukwa chake nkuti pansi pa madzi thupi limamwa nitrogen wa mumpweya womwe mukupuma, nde mukakwera mmwamba msanga amapanga tithovu mmagazi ndi mmfundo ngati Fanta wotsegula mothamanga. Ndikanakhala inu ndikanapanga Lachisanu.

Alamu anga sakunama, likodzo liliko makamaka mmphepete mosaya momwe muli nkhono ndipo anthu amasamba ndi kuchapa. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu pitani mukayezetse, muwauze adokotala kuti munalowa mu Lake Malawi chifukwa kumeneko mwina sangaganizireko okha. Mankhwala ake ndi praziquantel, amakupatsani molingana ndi kulemera kwanu.