Ulendo wa ku Guangzhou umayambira pa depoti ya Mzuzu

Achemwali, mwafunsa kuti kukaoda katundu ku China ndi maola angati pa ndege, komanso ngati geni ya nsapato ndi zikwama ingabweze ndalama ya tikiti.

Ife a kuno ndege timakakwerera pa Kamuzu International Airport ku Lumbadzi. Ndiye yambani mwawerengera tsiku la mumsewu wa M1, makilomita opitirira 300 kudzera pa Jenda ndi Kasungu. Musayerekeze kunyamuka m'mawa wa tsiku la ndegeyo. Basi ikangofa ku Chikangawa, tikiti yapita. Kagoneni kwa abale ku Lilongwe.

Kuchoka ku Lilongwe palibe ndege yolunjika ku Guangzhou. Ambiri timadzera ku Addis Ababa pa Ethiopian Airlines. Kukafika pa bwalo la Bole ndi makilomita pafupifupi 2,600, maola ngati anayi ndege ikapanda kuima pena. Kuchoka pa Bole kukatera pa bwalo la Baiyun ku Guangzhou ndi makilomita ngati 8,000, maola 10 kapena 11 muli chikhalire pampando, mapazi mpaka kutupa. Mumlengalenga mokha ndi maola 14 kapena 15, kuwonjezera apo kudikira ndege yachiwiri pa Bole, komwe usiku kumazizira ngati Mzuzu mu Juni. Juzi ikhale m'chikwama cham'manja.

Chimene chimasokoneza ongoyamba kumene ndi nthawi yolembedwa pa tikiti, chifukwa amalemba ya komwe mukukatera. Ethiopia ili patsogolo pathu ndi ola limodzi, China ndi maola 6. Mukatera 4 koloko madzulo, kuno ana ali m'kalasi, ndi 10 koloko m'mawa. Tsiku loyambalo musagule kanthu, chonde. Mutu umakhala wolemera, ndipo ku Xiaobei, dera la malonda la mu Guangzhou, wogulitsa amangokulemberani mtengo pa kakyuleta n'kukupatsirani kuti mulembe wanu. Munthu wa tulo amavomera msanga.

Koma nkhani yaikulu ndi iyi: ndege imanyamula inuyo, katundu ayi. Pa tikiti wamba kawirikawiri amalola zikwama ziwiri za makilogalamu 23 chilichonse, ndipo makilogalamu owonjezera amadya phindu lonse. M'zikwamamo timaika zing'onozing'ono zodula, monga mawigi ndi zam'mafoni. Nsapato timazisiya kwa ajenti, amaziyeza kukula kwake, n'kuzilonga mu kontena limodzi ndi za amalonda ena. Zimayenda pa sitima yapamadzi mpaka pa doko la Dar es Salaam, kenako pa thiraki kudzera ku Mbeya mpaka pa Songwe, pomwe a MRA amawerengera msonkho. Inu mwafika kale kunyumba, katundu akadali panyanja, ndipo miyezi iwiri itha kukwana mpamba uli chigonere. Wofuna kugulitsa pa Khrisimasi azioda mu Seputembala. Kumbukiraninso za madola: kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anagulitsa katundu pa mitengo yakale analephera kukaodanso wochuluka chimodzimodzi.

Ndiye ngati mpamba wanu ukungoposa pang'ono mtengo wa tikiti, viza ndi malo ogona, ine ndingati dikirani kaye. Kwerani basi ya ku Karonga, muwoloke pa Songwe, mukaode ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam ngati anzathu a mu msika wa Taifa kuno ku Mzuzu. Katundu wambiri wa kumeneko ndi wa ku China yemweyo, ndipo mumabwera naye nokha sabata isanathe.