Encore: mugwireni ndi -be ndi -nso

Achemwali, ndaona funso lanu loti n'chifukwa chiyani liwu la Chifalansa lakuti encore likungosinthasintha tanthauzo m'buku lanu, pena still, pena again, pena more, ndiye mukufuna kudziwa loona ndi liti. Onsewo ndi oona. Bukulo analembera anthu olankhula Chingerezi, ndipo Chingerezicho ntchito ya liwu limodzili chinaigawira mawu anayi kapena asanu. Langizo langa ndi loti musamadzere kumeneko. Dzerani ku Chichewa, poti ife tili ndi -be ndi -nso.

Tengani chiganizo ichi: Il dort encore. Mwana anagona usiku, dzuwa lakwera, iye akadali m'bulangete. Apo ndiye kuti akugonabe. Koma ngati anadzuka, n'kumwa phala, kenako mwamupeza wapholika pamphasa, chiganizo chomwecho chikunena kuti akugonanso. Afalansa zimenezi siziwavuta, nkhani imene ikukambidwa ndi imene imalamula. Akafuna kuti pasakhale kukayika, pa -be amaikapo toujours, pa -nso amaikapo de nouveau, kapena amangomata re- kutsogolo kwa mneni, faire n'kukhala refaire, venir n'kukhala revenir. Toujours yo muzisamala nayo, chifukwa imatanthauzanso "nthawi zonse".

Ndipo -nso wodandaula uja aliponso. Magetsi akazima mphika uli pamoto, munthu amati Encore une coupure !, ndiye kuti azimanso. Il a encore oublié ses clés, waiwalanso makiyi ake. Onani pamene encore wakhala, pakati pa a ndi oublié. Amene anayambira Chingerezi amakonda kumukankhira kumapeto kwa chiganizo ngati again, zimamveka ndithu, koma malo ake enieni ndi pakatipo.

Pamene ine ndinagwa napo ndi pa chakudya. Mnzanga wa ku Congo anandiitanira kwawo ku Lilongwe, mayi ake ataphika pondu, chigwada chathu chomwechi koma chothira mafuta a mgwalangwa. Nditatsiriza mbale yoyamba, mayiwo anagwira chipande n'kufunsa, Encore un peu ? Ine m'mutu ndinawerengera kuti encore ndi more, pas ndi kukana, ndiye ndinayankha monyadira kuti pas encore. Mayi aja anangomwetulira, kuvundikira poto, kukhala pansi. Patapita mphindi zochepa anadzuka n'kundidzazira mbale. Ndinali nditawauza kuti "osati panopa, dikirani kaye". Ndinayenera kungoti non merci, j'ai assez mangé, zikomo ndakhuta. Ndinadya ndithu, mlendo sakana kawiri.

Ndiye pas encore muisunge payokha. Ndi yankho la funso lokhala ndi déjà: Tu as déjà mangé ? Pas encore. Wadya kale? Ayi, sindinadye. Ngati chinthu chinkachitika koma chinaleka, encore amachokeratu, pamabwera ne ... plus. Il fume encore ? Non, il ne fume plus. Akusutabe? Ayi, anasiya. Palinso toujours pas, imene imatuluka munthu akatopa ndi kudikira. Le bus n'est pas encore arrivé ndi kungonena kuti basi sinafike. Le bus n'est toujours pas arrivé ndi ya munthu amene waima padepoti kuyambira m'mawa, basi sinafikebe mpaka pano.

Poyerekeza zinthu, encore amangowonjezera mphamvu: encore plus cher, kudula kuposa pamenepo. Za encore que ndi et encore zisiyeni kaye, mudzazipeza mukayamba kuwerenga nyuzipepala.

Chinthu china choseketsa n'choti Angerezi anabwereka liwuli n'kumalikuwa woimba akatsika pa siteji kuti abwerenso. Ku France anthu nthawi zambiri amakuwa une autre ! kapena bis !, liwu la Chilatini lotanthauza "kawiri", ndipo kubwerera pa siteji kuja amakutcha rappel. Bis yemweyo mudzamuona pa manambala a nyumba, monga 12 bis, nyumba yotsatana ndi 12.

Za zipangizo, Duolingo, pulogalamu ya pafoni yophunzirira zilankhulo, ndi yabwino poyambira, koma imakubwezerani ku Chingerezi chomwe chakusokonezanicho. Tsegulani dikishonale ya Larousse pa intaneti, ya Chifalansa chokhachokha, muwerenge zitsanzo zake ngakhale matanthauzowo musawamve onse. Kenako muzimvera Journal en français facile ya wailesi ya ku France ya RFI, nkhani za mphindi pafupifupi 10 zimene amalankhula modekha, ndipo mawu ake amawalembanso pa tsamba lawo. Mukamva encore, lembani chiganizo chonsecho m'kope, pambali pake muikepo -be, -nso, "onjezerani" kapena "sizinachitike". Zikakwana ziganizo 20 mudzaona nokha kuti zambiri zagwera pa ziwiri zoyambazo.

Potchula, en woyambayo amatulukira m'mphuno, e womaliza samveka, ndipo r ndi wa kummero. Ife timathamangira kuika l ndi kutsekera ndi o, ndiye mnzanga uja mpaka lero amandiseka kuti tsiku lija ndinati "ankolo".