Khoma la miyala lopanda simenti: konzani pansi ndi njira ya madzi poyamba

Achimwene, mwati mukufuna kumanga khoma la miyala ikuluikulu yongosanja, lotalika mita imodzi komanso la mamita 10 mulitali, kuti ligwire dothi la potsetsereka kuseri kwa nyumba, ndipo mukufunsa ngati pakufunika fawundeshoni ya konkire. Konkire sikufunika. Khoma lotere limaima chifukwa cha kulemera kwake, ndipo chimaligwetsa kawirikawiri ndi madzi odzaza kumbuyo kwake kapena pansi pofewa. Ndalama zanu zipite ku kwale, miyala yophwanyaphwanya ija.

Kumbani ngalande ya maziko mpaka mutachotsa dothi lonse lakuda lapamwamba ndi mizu, mufike pouma gwa. Nthawi zambiri ndi masentimita 30 mpaka 40. Mulifupi, tsinde la khoma lisachepere theka la msinkhu wake, ndiye kwa inu masentimita 60 ali bwino, kuonjezapo ena 30 a kwale wa kumbuyo. Ngalande yonse ikhale pafupifupi masentimita 90. Ngati malowo ndi a makande, dothi lija limang'ambika m'chilimwe ndi kufufuma mvula ikagwa, kumbani mozamirapo ndipo muwonjezere kwale, chifukwa kufufumako kumasuntha miyala chaka ndi chaka. Katondo savuta chotero.

Pansi thirani kwale wosakanikirana ndi fumbi lake, wokhuthala masentimita 15. Musathire onse nthawi imodzi. Thirani masentimita 5, wazani madzi pang'ono, tsindirani, kenako ena. Ndi kompakitala, makina otsindira dothi, ntchito imafulumira, koma chipika cholemera chimakwanitsanso. Mchenga wa kumtsinje ayi, umakokoloka. Mazikowo apendekeke pang'ono cholozera kumtunda kuti mwala uliwonse utsamire dothi.

Mzere woyamba ukhale wa miyala yaikulu kuposa yonse, mbali yosalala pansi, ndipo ukwiririke masentimita 10 mpaka 15 kutsogolo kuti usatsetsereke. Pondani mwala uliwonse. Ukagwedera, usunthireni ndi mgwala kapena pherezani ndi timiyala cha kumbuyo. Timiyala toikidwa kutsogolo timagwa tokha.

Tsono madzi. Kumbuyo kwa mzere woyamba, pansi penipeni, yalani paipi yobowolabowola ya mamilimita 100 kapena 110, mabowo ayang'ane pansi. Ambiri amayang'anitsa mabowo kumwamba poganiza kuti madzi alowa ngati m'sefa, koma madzi amakwera kuchokera pansi, ndiye paipiyo imayamba kugwira ntchito atadzaza kale. Itsike sentimita imodzi pa mita iliyonse, kutanthauza masentimita 10 pa khoma lanu lonse, ndipo kukamwa kwake kutulukire poyera, kutali ndi maziko a nyumba yanu ndi ya oyandikana nawo. Mangani kawaya kukamwako, makoswe asamangemo zisa.

Kuzungulira paipi ndi kumbuyo konse kwa khoma thirani kwale woyera, wopanda fumbi, wa mamilimita 20, mulifupi masentimita 30, kukwera limodzi ndi khoma mzere ndi mzere. Onani kusiyana kwake: wa pansi ndi wafumbi kuti alimbe, wa kumbuyo ndi woyera kuti madzi adutse. Pakati pa kwaleyo ndi dothi ikani nsalu ya geotextile, yomwe imalola madzi kudutsa koma imatchinga dothi, muipinde pamwamba, kenako mukwirire ndi dothi masentimita 15. Popanda nsaluyo matope amalowa m'mipata ya kwale, pakatha zaka zingapo madzi sadutsanso. Pepala la pulasitiki musaliyese n'komwe, limasunga madzi omwe mukufuna achoke. Kwale yense akukwanirani makyubiki mita 4 ndi theka, pansi ndi kumbuyo pamodzi.

Posanja, mwala umodzi ukhale pa miyala iwiri, mipata isalunjikane kuchokera pansi mpaka pamwamba. Khoma litsamire kumtunda masentimita 15 pa mita imodzi ya msinkhu. Khomani zikhomo ndi chingwe muziyezera, maso amanama. Pa mita iliyonse mulitali ikani mwala wautali wolowa m'kati mwa kwale kuti umange khoma ndi kumbuyo kwake.

Kumtunda, mamita awiri kapena atatu kuchokera pakhoma, kumbani ngalande yopatutsa madzi othamanga, mudzale vetiva m'mphepete mwake. Madzi a padenga asagwere kumbuyo kwa khoma. Mangani m'chilimwe, mumalize mvula ya Novembala isanayambe, dothi likadali louma ndi losavuta kutsindira.

Zonsezi ndi za khoma losapitirira mita 1.2. Mukafuna lalitali, mangani awiri afupiafupi ngati masitepe, lakumtunda libwerere m'mbuyo kawiri msinkhu wa lakumunsi. Ngati pamwamba pake padzadutsa galimoto, pali nyumba ina, kapena potsetserekapo pamatuluka kasupe m'dzinja, itanani injiniya aone malowo musanakumbe.